M'mene Anyamata a kwa Khombedza Ankalowera mu Uzimba

Munthu wochokera ku boma la Salima akatenga mseu waukulu wolowera ku Nkhotakota amadutsa m'dziko la mfumu yaikulu Khombedza. Ndi dziko lachigwa ndi lotentha, lokhala pakati pa nyanja kum'mawa ndi mapiri a Dowa kumadzulo. Woyenda pamseuwo amaona minda ya chimanga, mtedza ndi thonje, mitengo ya mango ndi milambe, ndiponso midzi yoyandikana. Mbawala sangaione ngakhale atayenda tsiku lonse. Koma chaka cha 1900 chisanafike, ndiponso zaka zina pambuyo pake, chigwa chimenechi chinali ndi nyama zambiri: agwape, mbawala, mphoyo, anakodzwe, ngoma, mphalapala, ntchefu, njati ndi njovu. Mnyamata aliyense wobadwira kumeneko ankakula alikudziwa kuti tsiku lidzafika lakuti akulu adzamtenga kupita naye ku uzimba.

Uzimba ndiko kusaka kwa anthu ambiri pamodzi, a mudzi umodzi kapena a midzi ingapo. Mlenje woyenda yekha ndi uta wake ankaphanso nyama, koma uzimba unali wina, pakuti unali ndi mwini wake, nyengo yake ndi malamulo ake. Ndiwo unali sukulu ya anyamata masukulu a mabuku asanafike.

Mwambo umenewu ngwakale ndithu. Achewa ali ndi nthano yakuti pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama anali kukhala pamodzi mwamtendere pa Kaphirintiwa. Tsiku lina munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri, motowo unagwira udzu, tchire lonse linayaka. Nyama zinathawa ndi mantha ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu. Chotero moto, galu ndi kusaka zimatchulidwa pamodzi kuyambira m'nthano yoyamba ya mtunduwo. Umboni wina unatuluka m'nthaka. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kum'mwera kwa Salima, panali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamenepo napeza mafupa ochuluka a nyama zakutchire pamodzi ndi zidutswa za minyanga ya njovu imene amisiri ankasema makoza. Anthu a m'mbali mwa nyanja anali alimi ndi asodzi, koma analinso alenje.

Maphunziro oyamba

Palibe mwana amene ankayamba ndi mkondo. Mwana wamwamuna akachoka m'nyumba ya amake kukagona kumphala, aphunzitsi ake oyamba anali anyamata anzake okulirapo, ndipo nyama yake yoyamba inali mbewa. Anthu atatha kukolola, anyamata ankapita m'minda ndi makasu kukakumba mauna, ena natchera madiwa. Diwa ndi mwala waphanthiphanthi wochirikiza ndi kamtengo, ndipo pansi pake amaikapo nyambo ya gaga kapena mtedza. Mbewa ikakhudza nyamboyo, mwala umaigwera.

Wina angaseke kuti imeneyi ndi ntchito yachibwana, koma m'menemo munali chiyambi cha nzeru zonse za mlenje. Mwana ankaphunzira kuona mkwaso m'udzu, kusiyanitsa una wokhalamo mbewa ndi una wakale, kutseka khomo lothawira asanayambe kukumba, ndi kuyamba wapisa kamtengo asanapise dzanja, chifukwa njoka nayo imakonda mauna. Ankaphunziranso kudikira. Wopupuluma ankabwera kumudzi ndi mpani wopanda kanthu, anzake namseka.

Akakulirako ankatchera mbalame ndi ulimbo, nasema uta waung'ono wa mivi yosasongoka. Pambuyo pake ankatsagana ndi agalu kukathamangitsa akalulu ndi zibonga, kapena kukafuna ntchenzi m'mabango a m'madambo a Lingadzi ndi Chitala. Apa ndi pamene ankadziwa makhalidwe a galu, ndi tanthauzo la mau akuti galu wamkota sakandira pachabe.

Zaka za mwana sizinali kuwerengedwa monga awerengera masiku ano. Akulu ankangoyang'ana makhalidwe ake: ngati amamva akatumidwa, ngati amatha kukhala chete, ngati salira ndi ludzu, ngati amagawira anzake mbewa zimene wapha. Pakati pa Achewa mwamuna amakakhala chikamwini kwao kwa mkazi, ndipo mwini mbumba ndiye mtsibweni, ndiye kuti mlongo wa mai. Tsono nkhani yotenga mwana kupita naye ku uzimba siinali ya atate okha. Mtsibweni ankatha kunena kwa atate a mwanayo, "Alamu, mwanayu wakula, chaka chino apite nafe." Akavomerezana, ankamuitana mnyamatayo namuuza kuti, "Iwe, mawa uli ndi ine. Pamene ndikuimike, uime pomwepo." Ndipo iye ankayankha atanjuta, "Ndamva, atsibweni."

Tsiku la uzimba

Nyengo ya uzimba waukulu inali m'chilimwe, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma ndipo madzi atatsala m'maiwe owerengeka. Tchire lililonse linali ndi mwini wake, kawirikawiri nyakwawa kapena mkulu wa banja limene linayamba kufika pamalopo. Munthu wotentha tchire mwini wake asanalole anali kupalamula mlandu. Lamuloli linali ndi nzeru, pakuti moto wofulumira ukanabalalitsa nyama anthu asanakonzeke, ndiponso ukanatentha udzu wofolera nyumba anthu asanamwete.

Tsiku likayandikira, mwini tchire ankatumiza mau ku midzi yoyandikana. Akulu ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, kawirikawiri msolo, kupempha mizimu ya makolo kuti iwapatse nyama ndi kuwateteza ku zilombo. Amuna okwatira ankagona padera osakhudza akazi ao, ndipo akazi otsala kumudzi anayenera kudzisunga kufikira amuna atabwera. Anthu ankakhulupirira kuti mkazi akachita zosayenera, mwamuna wake aona tsoka kutchire. Mnyamata wopita koyamba ankaona zonsezi, nazindikira kuti kusaka si masewera a anthu ofuna ndiwo chabe.

M'bandakucha lipenga la nyanga ya ngoma linkalira, anthu nasonkhana ndi mikondo, mauta, zibonga ndi agalu. Kumene kunali maukonde, opota ndi luzi la bwazi, ankawasenza ndi kuwatchera moyamba. Anthu a kunyanja amadziwa mphepo kuposa ena, chifukwa moyo wa msodzi umadalira kudziwa mwera ndi mpoto, ndipo nzeru yomweyo inali kugwira ntchito pamtunda. Amuna odziwa kulasa ankakaima kumene mphepo ilikupita, kuti fungo lao lisafike kwa nyama. Ena ankakayatsa moto kumene mphepo ilikuchokera, ndipo m'mbali monse munkaima mzere wa anthu ochita phokoso kuti nyama zisapatuke.

Malo a mnyamata watsopano anali mumzere umenewu, pafupi ndi mkulu amene anamtenga. Sankapatsidwa mkondo. Ntchito yake inali kugwira galu pachingwe kufikira atauzidwa kumtaya, kunyamula madzi m'chipanda, kumenya zitsamba ndi chibonga ndi kufuula pamene ena afuula. Ntchitoyi imaoneka yapafupi polemba, koma inali yovuta pochita. Utsi unali kuwawa m'maso, moto unali kuthetheka m'mabango ngati mfuti, akabawi anali kuzungulira pamwamba kutola ziwala, ndipo mwadzidzidzi m'udzu munkatuluka chinthu chothamanga chimene mwana sanachidziwe ngati ndi gwape kapena nguluwe. Mtima unkamuuza zinthu ziwiri, kuthawa kapena kuthamangira nyamayo, ndipo zonse ziwiri zinali zoletsedwa. Wochoka pamalo pake ankasiya mpata, nyama zonse nkutulukira pomwepo, ntchito ya midzi itatu nkupita pachabe. Manyazi a tsiku lotero ankamtsata munthu kufikira ukalamba.

Malangizo ena anali a moyo ndi imfa. Mkondo suponyedwa motsata mzere, chifukwa ukaphonya nyama ukalasa mnzako, ndipo magazi a munthu ndi mlandu wa mbumba yonse. Nyama yakugwa saiyandikira chakumutu. Mbawala yamphongo ndi yaing'ono, koma ikalasidwa imatembenuka ndi kutumbula galu ndi nyanga zake, ndipo yapwetekapo anthu. Mphalapala imamenya nkhondo ngakhale itagwada pansi, ilikupukusa nyanga zake zazitali zokhotera kumbuyo. Nguluwe imang'amba mwendo ndi mano. Njati yolasidwa imalowa m'zitsamba ndi kudikira woilondola, kotero kuti kulondola magazi a njati sinali ntchito ya mwana ngakhale pang'ono. Moto nawo unali ndi malangizo ake: mphepo ikatembenuka, munthu athawire palupsa, pamene papsa kale, osati m'udzu wosapsa.

Chinthu china chimene mwana sankaloledwa kukhudza ndi mivi ya ulembe. Ulembe wina unkapangidwa ndi njere za chomera choyanga chotchedwa kombe, ndipo nyama yolasidwa nawo inkagwa mtima utaleka kugunda. Alenje ankangodula ndi kutaya mnofu wa pabala, yotsalayo nkudya. Mphamvu ya kombe inadziwika ndi Azungu mwangozi. John Kirk, sing'anga amene anayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake, ndipo atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa naona kuti mtima wake ulikugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapanga mankhwala a nthenda ya mtima kuchokera ku njere zomwezo. Chomwecho chimene alenje a dziko lino anachidziwa kalekale chinakalowa m'zipatala za ku Ulaya.

Kugawa nyama

Dzuwa likapendeka, nyama zonse zinkasonkhanitsidwa pamthunzi, ndipo apa mnyamata ankaphunzira phunziro lalikulu kuposa onse. Nyama siinali ya amene waigwetsa. Mwini nyama anali amene anayamba kuilasa, ngakhale bala lake likhale laling'ono. Wachiwiri, amene anasomola, ankalandira mwendo wakutsogolo. Mwini dziko ankalandira mwendo wa nyama yaikulu iliyonse. Chikopa cha mkango kapena cha kambuku chinali cha mfumu, ndipo njovu ikafa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu, pakuti nthaka ndi yake. Mikangano inali kubuka ndithu, chifukwa pa nyama anthu sachita manyazi, koma inkaweruzidwa pomwepo ndi akulu, poyang'ana mabala ndi mivi, anyamata alikumvetsera. Umo ndimo ankayambira kudziwa kayendetsedwe ka milandu.

Tsiku limene mnyamata analasa gwape wake woyamba linali lachimwemwe, komabe gwapeyo sankamudya yekha. Ankamsenza kufikira kumudzi ndi kumtula kwa akulu, iwo nagawira mbumba, agogo ndi alendo. Mphotho yake inali yakuti dzina lake linatchulidwa pabwalo madzulo, ndi kuti chaka chamawa adzanyamula mkondo.

Nyama zina zinali ndi mwambo woposa pamenepa. Achewa ankakhulupirira kuti munthu wopha njovu, mkango, kambuku kapena ntchefu angagwidwe ndi chirope, ndiko kuzungulira mutu kochokera ku magazi a chimene wapha, monga zimachitikira munthu wopha mnzake. Wopha nyama zotere anayenera kusambitsidwa ndi kudya mankhwala. Brian Morris, amene anafufuza za anthu ndi nyama m'Malawi, analongosola za chirope m'buku lake la 1998 lotchedwa The Power of Animals. Kaya wina akhulupirira kaya sakhulupirira, chipatso cha mwambowu chinali choonekeratu: mnyamata wamagazi otentha sankathamangira nyama yaikulu popanda mkulu wodziwa mankhwala ake, ndipo mkuluyo sankapereka mankhwala kwa munthu wosamvera.

Ntchefu ndiyo yaikulu mwa nyama zonse za mtundu wa mbawala. Yamphongo imatha kufika makilogalamu 900. Ndi yofatsa, yamafuta, ndipo ngakhale ili yolemera chotero imalumpha msinkhu wa munthu. Azungu a Chidatchi atafika ku Cape anaitcha eland, dzina la nyama ina yaikulu ya nyanga zanthambi ya kumpoto kwa Ulaya, chifukwa analibe dzina lina loiyenera. Ulemu umene Achewa anaipatsa umaonekanso pabwalo la Gule Wamkulu, pamene Kasiyamaliro amatuluka ndi maonekedwe a nyama ya nyanga, ndipo ambiri amati ndi ntchefu. Zotsala za kudambwe sizilembedwa m'buku.

Mfuti, nkhondo ndi kaodzera

M'zaka za m'ma 1800 zinthu zinayamba kusintha. Jumbe anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo pambuyo pake Ayao anafika m'mbali mwa nyanja ku Salima. Amalonda ameneŵa ankafuna minyanga ndi akapolo, nalipira ndi nsalu, mikanda, onga ndi mfuti za gogodela. Kupha njovu kunasanduka ntchito ya akatswiri owerengeka, ndipo phindu lake linkapita kwa mafumu ndi amalonda. Nthawi yomweyo Angoni a Chiwere anakhala m'mapiri a Dowa namatsikira kuchigwa kudzathira nkhondo. Anthu anasiya midzi yaing'ono nakadzitsekera m'malinga. Minda yosiyidwa inamera tchire, ndipo nyama zinachuluka pamene kale panali chimanga. Koma kutenga ana kupita nawo kutali ndi linga kunali kuika moyo wao pachiswe.

Boma la Angerezi linayamba m'chaka cha 1891. M'zaka za 1892 ndi 1893 mliri wa ng'ombe wochokera kumpoto unalowa m'dziko, nupha ng'ombe pamodzi ndi njati, ntchefu ndi ngoma. Nyama zitayambanso kuswana, kashembe, ntchentche yoyamwa magazi a nyama, inafalikira nazo. Ndipo m'chaka cha 1908 nthenda ya kaodzera inapezeka m'Nyasaland. Dera limene linavutika koposa linali lomweli. Boma linalengeza kuti chigwa chonse kuyambira mtsinje wa Chirua kumpoto kufikira Linthipe kum'mwera, pakati pa nyanja ndi mapiri, ndi dera la nthenda, ndipo linaletsa anthu kulowa ndi kutuluka mwachisawawa.

M'chaka cha 1912 kagulu ka asing'anga kotumidwa ndi bungwe la Royal Society la ku London, kotsogozedwa ndi Sir David Bruce, kanamanga msasa pa phiri la Kasu, pamwamba pa chigwacho. Iwo anapima magazi a nyama zakutchire 180 zophedwa m'chigwamo, napeza kuti pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse inali ndi tizilombo toyambitsa matenda a anthu kapena a ziweto. Nakodzwe, ngondo, mphoyo ndi gwape anazitchula kuti ndi anansi oopsa kwa munthu, ndipo uphungu wao unali wakuti nyama za m'dera la kashembe zichepetsedwe. Tsono munthu wa kwa Khombedza anali pakati pa mau awiri a Azungu: asing'anga alikunena kuti nyama ziphedwe, olemba malamulo alikunena kuti zisungidwe.

Malamulo a nyama

Malamulo osunga nyama anayamba msanga. M'chaka cha 1897 boma linapatula Elephant Marsh ndi Nyanja ya Chilwa kuti zikhale malo osasakamo, ndipo wofuna kupha nyama zazikulu anayenera kugula laisensi. Wolamulira dziko masiku amenewo anali Alfred Sharpe, amene asanalowe m'boma anali mlenje wa njovu iye mwini. Lamulo lina linadza m'chaka cha 1911, koma limene linakhudza midzi koposa linali la 1926, pakuti linaletsa njira zimene anthu akumudzi ankasakira, monga mbuna, misampha ndi kupitikitsa nyama ndi agalu. Amishoni ena ndi mabungwe a Afirika ophunzira anatsutsa lamuloli kwambiri, ponena kuti njovu ndi nguluwe zilikutha minda ya anthu. Chaka chomwecho nkhalango ya Thuma, m'mapiri a kum'mwera chakumadzulo kwa Salima, inasanduka ya boma.

Cholinga chosunga nyama sichinali choipa. Choipa chinali chakuti lamulo linatsegula khomo kwa munthu wa ndalama ndi mfuti, nkulitseka kwa mudzi wa mikondo. Mzungu wosakira chisangalalo anali mlenje wololedwa, pamene nyakwawa yoitanitsa uzimba m'tchire la makolo ake inali yophwanya lamulo. Uzimba sunathe tsiku limodzi, chifukwa boma linali kutali ndipo amesenjala anali ochepa. Anthu anapitiriza kusaka agwape, akalulu ndi nguluwe kwa zaka zambiri. Koma lipenga linayamba kulira mwamantha.

Zina zimene zinaufooketsa sizinali za lamulo ayi. Msonkho unatumiza amuna ku minda ya Azungu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera mwa Wenela ndi Mthandizi, kotero kuti pa nyengo ya uzimba atsibweni ambiri anali kunja kwa dziko, ndipo ena anatchona. Sukulu za mishoni ya Dutch Reformed, imene inayamba pa Mvera m'chaka cha 1889, zinatenga masiku a anyamata. Njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935, ulimi wa thonje nukula. M'chaka cha 1949 boma linakhazikitsa nthambi yoyang'anira nyama, nsomba ndi kashembe, ndipo ntchito yopha nyama zoononga minda inapatsidwa kwa alenje olembedwa ndi boma. Dziko litalandira ufulu, ntchito yaikulu yachitukuko cha ulimi m'chigwa cha Salima inayamba m'chaka cha 1968 ndi thandizo la Ajeremani, ndipo tchire lambiri linalambulidwa. Anthunso anachuluka: kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi, pamene wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Kunena zoona, ngakhale pakanapanda lamulo lililonse, uzimba wa moto sukanatha kukhala m'dziko lodzala minda chotere, ndipo iwo womwe unali kupha nyama zambiri pa tsiku limodzi.

Komabe pali kusiyana pakati pa mwambo wakufa ndi ukalamba ndi mwambo wothamangitsidwira mumdima. Kusaka kutaletsedwa sikunaleke, kunangobisala. M'malo mwa mzere wa anthu 100 masana, kunatsala munthu mmodzi kapena awiri usiku, atanyamula makhwekhwe a waya. Khwekhwe silisankha, limagwira yabere ndi yoyamwitsa, limadula chitamba cha njovu, ndipo nyama yogwidwa imaolera pomwepo mwini msampha akachedwa. Nyama yotero siifika pabwalo, imagulitsidwa mobisa. Mnyamata wolowa ntchito imeneyi alibe womuuza pamene ayenera kuima, alibe wompatsa mwendo, ndipo saopa chirope.

Maiko ena ndi masiku ano

Vuto lotere linaonekanso ku America, koma kumeneko linathera pena. Pofika chaka cha 1900 alenje amalonda anali atatsala pang'ono kutha nyama zao za nyanga zanthambi, zazing'ono zonga mbawala ndi zazikulu zimene amazitcha elk. Boma linaletsa kugulitsa nyama yakutchire, linaika nyengo yosakira ndi chiwerengero cha nyama zimene munthu mmodzi angaphe, ndipo m'chaka cha 1937 linalamula kuti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzigwira ntchito yosamala nyama. M'chaka cha 1949 chigawo cha New York chinayamba kulamula kuti mlenje watsopano aziyamba waphunzira kasungidwe ka mfuti asanalandire laisensi, ndipo zigawo zina zinatsatira. M'zigawo zambiri muli masiku opatulira ana, pamene mwana amasaka ali pambali pa munthu wamkulu. Malangizo amene amampatsa sasiyana kwenikweni ndi a mtsibweni wa kwa Khombedza: asaloze chida kwa mnzake, adziwe chimene chili kuseri kwa nyama asanaombe, adikire, alondole nyama yolasidwa kufikira ataipeza. Nyamazo zinachulukanso. Dziko lao ndi lalikulu ndi lolemera, ndipo silingayerekezedwe ndi chigwa cha Salima pa zonse. Koma chimodzi ndi choona, kuti lamulo lao linamsiya mphunzitsi pambali pa mwana, pamene la kuno linamchotsapo.

M'Malawi lamulo losunga nyama la 1992 linakonzedwanso m'chaka cha 2017, ndipo munthu wopha nyama zotetezedwa koposa, monga njovu, angathe kumangidwa kufikira zaka 30. Nkhalango ya Nkhotakota, imene kale inali ndi njovu zoposa 1,500, inatsala ndi zosakwana 100 pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira m'chaka cha 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinatengedwa pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi Majete kukaikidwa kumeneko, pamodzi ndi njati, mphalapala, anakodzwe ndi nyama zina. Pafupi ndi boma la Salima pali malo osungira nyama a Kuti, kumene kuli mbidzi, ngoma ndi mphalapala, ndipo ana asukulu amapitako ndi aphunzitsi ao. Nzeru yolondola mapazi ndi kuwerenga mphepo siinatheretu. Ena amene anaiphunzira kwa makolo analembedwa ntchito yolondera nkhalango, ndipo amaigwiritsa pofuna makhwekhwe m'mikwaso ya nyama.

Kwa Khombedza sukulu yaikulu ija inatsekedwa, koma kalasi yake yoyamba ikalipo. Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, anyamata amatuluka ndi makasu ndi agalu kunka m'minda, ndipo ena amaima m'mbali mwa mseu ndi mipani ya mbewa kugulitsa kwa apaulendo. Pagulu lotero sipalephera kukhala wamng'ono amene wabwera koyamba, wonyamula madzi ndi thumba. Akagwada paunapo nafuna kupisa dzanja, wamkulu amamgwira mkono ndi kumpatsa kamtengo.